Nyumba ya Mipando Yaifupi

Kwathu mlendo amakhala pansi modzidzimuka. Amatsitsa thupi kuyembekezera mpando pamene mpando umayenera kupezeka, koma amangotsikabe mpaka maondo kugunda chibwano. Ife tinazolowera kalekale. Wochititsa zonsezi ndi bambo anga, amene mumsewu wathu wonse amawatchula kuti aChigwiriro.

Anayamba ukalipentala ali wachinyamata, koma zitseko ndi matebulo sizinawalowe mumtima. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'kuona tchizulo chabwino chakale, chitsulo chosemera matabwa chija, chili ndi chigwiriro chong'aluka, kumutu kutaphwanyika chifukwa chomenyedwa ndi hamala yachitsulo. Ankati wochita zotere ndi munthu wosaleredwa. Amisiri anzawo anayamba kuwabweretsera zawo, wina kuuza wina, mpaka ntchito yawo inangokhala imeneyo, m'kashedi kakuseri kwa nyumba.

Sadula kanthu asanagwire dzanja la mwini tchizulo. Amalitembenuza, kulipapasa, kuona pamene khungu linalimba. Ndaonapo zibambo zandevu zitaima chilili, dzanja lili m'manja mwa bambo, maso akuthawira kudenga chifukwa cha manyazi. Akatero amagumula chigwiriro chakale, kuboola chatsopano, kutenthetsa mchira wa chitsulo kuti ulowe bwino, n'kumanga kukamwa ndi mphete yodula ku paipi.

Vuto linali mtengo. Mtengo wogula dzulo sankaufuna, ati umafota ndipo mphete imagwa. Ankafuna mtengo umene wakhala m'nyumba zaka makumi awiri, wouma mpaka mumtima. Nanga mtengo wotero umapezeka kuti ngati si m'miyendo ya mipando? Ankangodula kutalika kwa chikhatho basi. Koma poti ndi mmisiri wachilungamo, sakanalola mpando kutsimphina, ndiye ankadula miyendo yonse inayi. Tebulo lathu lodyera linatsika kawiri ine ndisanamalize sukulu.

Mpando umodzi wokha ndi umene unapulumuka, wa amayi. Anawapangira ndi agogo, bambo awo owabereka, tsiku limene amayi ankachoka pakhomo kukakwatiwa. Mtengo wake wakuda, wolemera, woti kuunyamula umachita kupuma kaye. Amayi ananeneratu kuti tsiku limene sowo idzaukhudze, iwo adzalongedza katundu. Popita kumsika ankautsekera kuchipinda, kiyi n'kumangirira pansonga ya nsalu. Bambo anaukhumbira mpandowo zaka makumi atatu ndi zisanu. Tsiku lina ndinawapezerera atagwada, akuyeza mwendo ndi zala. Anati akupukuta fumbi, munthu woti chibadwire sanagwirepo kansanza.

Chaka chatha nyamakazi inawapinda zala. Katchizulo kawo kakang'ono, kamene amamalizira nako ntchito iliyonse, kanayamba kuwapulumuka m'manja. Kankafunika chigwiriro chonenepa, chosemedwa motsatira zala zopindikazo. Anayesa mwendo wa benchi, unang'aluka. Anayesa wa kabati, chimodzimodzi. M'nyumba munalibenso choti n'kudula. Anatseka kashedi kaja n'kudzakhala nafe pabalaza.

Abale inu, tinaona zakuda. Anayamba kuwaphunzitsa amayi kusesa. Ine anandiuza kuti ndimatseka chitseko ngati ndakwiyira amene anachipanga. Tinkapemphera kuti akhale chete, ndipo patapita mwezi anakhaladi chete. Apo m'pamene tinachita mantha. Ankangokhala pakampando kawo, manja pamaondo, kumayang'ana zala. Amisiri akabwera ndi matchizulo, ankandituma kuti ndikawauze kuti achokapo.

Tsiku lina m'mawa ndikuchapa kuseri ndinamva kulira kwa sowo m'nyumba. Ndinathamanga thovu lili m'manja, mawu okalipira bambo ndili nawo kale pakamwa. Ndinapeza mpando wa agogo uli chagada, ndipo wodula anali amayi. Sowo inkapita mokhota, thukuta lili kamukamu, milomo ataluma. Chidutswa chitagwa, anachitola n'kuwaponyera bambo pamiyendo.

Bambo anachitembenuza, kuchinunkhiza, kuchigogoda ndi chikhadabo. Kenako anachiyeza pachikhatho. Ine mumtima ndinkangoti nenani zikomo, bambo, zikomo yekha basi.

"Amayi ake," anatero bambo, "mwadula chachifupi. Chaperewera chala chimodzi."

Ndinadziwa kuti lero tiika maliro. Amayi anawayang'ana kwa nthawi yaitali, mpweya ukutuluka ndi m'mphuno. Kenako anatembenuza mpando uja kuti mwendo wachiwiri uloze kwa bambo, n'kuwapatsa sowo.

"Ndiye dulani nokha, akatswiri."

Bambo anagwada movutikira, kuyeza, kulemba mzere ndi pensulo ya kukhutu. Koma sowo inawakana. Kukoka kamodzi inapulumuka, kachiwiri inagwa pansi. Anangoti zyoli, ndipo ine sindibisa, misozi inandilengeza. Amayi anatola sowo ija, kuibwezera m'dzanja la bambo, n'kukuta zala zopindikazo ndi dzanja lawo. Anayamba kukoka awiri, bambo akulondolera mzere, amayi akupereka mphamvu, uku akukangana kuti akukhotetsa ndani.

Ali pakati, bambo anatsokomola pang'ono n'kunena chapansipansi kuti miyendo ina yonse iyeneranso kulingana ndi umenewu, mpando usatsimphine.

"Ndikudziwa," anatero amayi, osasiya kukoka. "Mukuyesa ndinakwatiwa dzulo?"