Kamashini ka Bipi M'chikwama Changa

Bambo anga atawapeza ndi bipi, achimwene anawagulira kamashini koyezera kunyumba. Kanali ka mabatire, kokhala ndi lamba wokulunga pamkono ndi kapaipi kakuda. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi ankakhala phee pakhonde kwathu ku Chilomoni, kenako n'kundiitana kuti ndiwamange lambayo. Manambala ndinkalemba ine m'kope, chifukwa maso awo anali atayamba kuvuta.

Azakhali a ku Chilobwe nawonso ankamwa mankhwala a bipi, koma analibe choyezera. Ndiye Loweruka lililonse ndinkawapititsira kathu kaja. Amayi awiri oyandikana nawo atazolowera, nawonso ankabwera ndi mikono yawo, ndipo ndinkalemba dzina la aliyense kumapeto kwa kope, manambala ake m'munsi.

Kenako kunabuka mphekesera za anamapopa, anthu amene akuti ankapopa anzawo magazi. Tauni yonse inatekeseka. Mayi anandiletsa kupita, koma bambo anati, "Mchemwali wanga mutu ukumupweteka sabata yonse. Pita masana, ubwerere dzuwa lilipo."

Nditatsika minibasi, ndinapeza anyamata atatchinga njira yokwera kwa azakhali ndi miyala. Ena anali ndi zibonga. Wina wa malaya ofiira ananditsomphola chikwama n'kuchikhuthulira pansi. Kapaipi kaja katatulukira, anadumpha chammbuyo.

"Ndi uyu! Paipi yake iyi!"

"Ayi achimwene, n'choyezera bipi, ndikupita kwa azakhali anga..."

Sindinamalize. Mbama inandigwera pakhutu lakumanzere, mutu wonse n'kumangolira. Wina anatola kope n'kuyamba kuwerenga mokuwa mayina aja, ati ndi anthu amene ndawapopa kale, manambalawo ndi kuchuluka kwa magazi. Anthu anakhamukira kuchokera m'maokala. Anandigwetsa pondikoka tsitsi, n'kumandiponda m'nthiti ndi kumsana. Chibonga chinandipeza pakamwa, ndinamva dzino likuthyoka, ndipo ndinalavula magazi pafumbi. Mayi wina wobereka mwana anandigenda ndi chidutswa cha njerwa pachipumi. Nkhope yake ndimaikumbukirabe. Sanali wolusa, anali ndi mantha okhaokha.

Nditamva wina akuti, "Petulo, bweretsani petulo," ndinadzikodzera.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wonenepa, wogulitsa tomato pambali pa msewu, yemwe sindinkamudziwa n'komwe. Anapyola pakati pa gululo akukankha anyamata ndi zigongono, n'kuima atandiika pakati pa miyendo yake.

"Inu simunapiteko kuchipatala? Chinthu ichi amatimanga nacho ife mwezi uliwonse! Patse kuno!"

Wa malaya ofiira uja anam'menya ndi chibonga paphewa. Mayiyo anadzandira koma sanachoke. Analanda kamashini, nadzikulunga lamba yekha pamkono, n'kundigwedeza ndi phazi.

"Mwana wanga, ndidine pati?"

Ndinaloza batani ndi chala. Kamashini kanayamba kulira, lamba akufufuma, ndipo amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Mphepo itaphwa, mayiyo anavula lambayo n'kukweza mkono kuti onse aone.

"Magazi ali kuti? Bala lili kuti? Tayang'anani nambala yake, mwandikwezera bipi ndinu, agalu inu!"

Ena anaseka, ena anayamba kuzemba. Wa malaya ofiira, pochita manyazi, anatola kamashini kaja n'kukaphwanya pamwala. Apo n'kuti azakhali akutsetsereka kuchokera kumtunda opanda nsapato, wina atakawauza. Iwo ndi mayi wa tomato uja anandinyamula mpaka pamsewu waukulu.

Kuchipatala anandisoka pachipumi, nthiti ziwiri zinali zitathyoka. Khutu lakumanzere silimva bwino mpaka lero. Bambo atabwera kudzandiona anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Anangoti, "Ndinakutuma ndine," basi, n'kutuluka panja. Mayi anakhala masabata angapo osawayankhula.

Achimwene anafuna kugula kamashini kena, koma bambo anakanitsitsa kuti asakaonenso m'nyumba mwawo. Anakhala miyezi yambiri akungomwa mankhwala osadziyeza, mpaka tsiku lina anachita chizungulire n'kugwa kutchalitchi. Ndi pamene anavomera. Azakhali anayamba kubwera okha ku Chilomoni kudzayezetsa, ndipo amayi awiri aja sindinamvenso za iwo.

Nditachira ndinapita kukathokoza mayi wa tomato. Phewa lake linali lisanasiye kupweteka, dengu ankanyamulira kumodzi. Ndinamutengera nsalu yatsopano. Anaitambasula, n'kudandaula kuti mtundu wake ndi wa atsikana, koma anaivala pomwepo pamwamba pa yakaleyo, n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndimuthandize kusanja tomato.