Pulinta ya Ababa ndi Pasiwedi Yanga

Ababa atapuma ntchito ku Kanengo, manja awo anasowa chochita. Anakhala zaka zambiri akutayipa makalata mu ofesi ya kampani ina ya fodya, kuyambira nthawi ya mataipi aphokoso aja mpaka makompyuta atafika. Kwathu ku Kawale ankadzukabe m'mamawa monga kale, kusamba, kuvala malaya osita bwino, kenako n'kukhala pakhonde kumaonerera anthu othamangira maminibasi. Tsiku lina tikuchapa kuseri kwa nyumba, Amayi anandiuza kuti, "Bambo akowa akungozungulira m'nyumba muno ngati mlendo. Dzulo lokha asanja mabuku a nyimbo kawiri."

Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ku Area 25, ndipo ntchito yanga inali yokonza makompyuta mu ofesi ina ya m'tauni. Ndinawapezera laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, koma yolimba ndithu. Poikonza ndinachita zomwe ndinkachita tsiku ndi tsiku ku ntchito, osaganizira n'komwe. Ndinatsegula maakaunti awiri. Yoyamba inali yanga, ya adimini, yomwe mwini wake amatha kuika kapena kuchotsa chilichonse m'makinamo. Yachiwiri inali ya Ababa, ya munthu wamba, woloredwa kulemba, kusunga ndi kuwerenga basi. Ku ntchito lamulo ndi limenelo, chifukwa ukamupatsa munthu mphamvu zonse, pakutha pa sabata umapeza waikamo timapulogalamu tachabechabe ndipo kompyuta ikuyenda ngati yodwala. Sindinawauze Ababa kuti maakaunti alipo awiri. Ndinangowaonetsa polembera pasiwedi yawo, iwo n'kusankha dzina la mudzi wa kwathu ku Ntcheu.

Miyezi ingapo zinthu zinayenda bwino. Ku tchalitchi anawasankha kukhala mlembi wa akulu a mpingo, ndipo anayamba kutayipa zokambirana za pa misonkhano ndi ndandanda ya owerenga mawu Lamulungu lililonse. Akamaliza ankaika pa fulashi n'kukasindikiza pa kashopu ka pamsika. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza ali pa tebulo la pabalaza, msana uli chilili, zala khumi zonse zikuyenda osayang'ana pa kiyibodi. Ine amene ndimatchedwa katswiri ndimatayipa ndi zala zinayi.

Ndiye Lachinayi lina masana foni yanga inalira ndili pansi pa desiki ya munthu wina ndikufufuza chingwe.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Ababa.

Ababa amanditchula kuti iwe kuyambira ndili wakhanda. Akanena kuti inu, ndiye kuti pali nkhani. Koma tsiku limenelo mutu wanga unali pa chingwe chija, ndipo sindinazindikire.

"Mukapeza mpata mudzatithandize," anapitiriza. "Makina anuwa akufuna chilolezo chanu."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti ndibwera Loweruka. Anati zikomo, n'kudula.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku depoti, n'kukwera ina ya ku Kawale. Amayi anandichingamira pageti ndisanalowe, n'kundikokera kumbali kwa mpanda wa njerwa. Anandifotokozera motsitsa mawu kuti mnzawo wa Ababa amene ankagwira naye ntchito ku Kanengo akubwerera kumudzi ku Dedza, ndipo anawasiyira pulinta yake. Ababa anasangalala kwambiri moti anakalengeza kwa akulu anzawo kuti kupita pamsika kwatha, mapepala onse a mpingo azituluka m'nyumba mwawo. Lachitatu akulu a mpingo awiri anabwera ndi mapepala atsopano kudzaona makinawo akugwira ntchito. Amayi anawaphikira tiyi. Ababa analumikiza chingwe, ndipo pa sikirini panatuluka kabokosi kofuna pasiwedi. Analemba dzina la mudzi lija, inakana. Analembanso pang'onopang'ono, inakananso. Mmodzi wa alendowo, amene anali mphunzitsi kale, anavala magalasi n'kuwerenga mokweza kuti makinawo akufuna mwini wake, ndipo dzina lomwe linali pamenepo linali langa.

"Ndiye anafunsa kuti, kodi achimwene, kompyutayi ndi yobwereka?" Amayi anatero. "Sanafunse mwachipongwe ayi. Koma bambo ako anangotseka chivindikiro n'kuyamba nkhani ya mvula."

Ndinawapeza Ababa pabalaza. Pulinta inali pa tebulo itafunditsidwa kansalu koluka ka Amayi, laputopu pambali pake, ndi kope la sukulu lotsegula. Titapatsana moni anandikankhira kopelo. Anali atakopera uthenga wonse wa pa sikirini m'Chingerezi chake, chilembo ndi chilembo, mizere yowongoka, pansi pake n'kulemba zomwe anayesa ndi kangati. Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchito imeneyi, palibe munthu anandibweretserapo vuto lolembedwa bwino chotero. Ambiri amangoti, "Yangofa yokha, sindinagwire chilichonse."

Ndinayatsa laputopu, kulumikiza pulinta, ndipo kabokosi kaja kanatulukanso. Apa m'pamene ndinachita chinthu chomwe chimandichititsabe manyazi. Mwa chizolowezi cha ku ntchito, ndinapotozera laputopu kwa ine pang'ono ndisanalembe pasiwedi. Sindinaganize chilichonse, manja okha ndi amene anachita. Ababa anaona. Anaimirira, n'kupita pa zenera, n'kundifulatira.

"Ndatembenuka," anatero. "Lembani."

Ndinalemba. Kenako ndinathawira ku ntchito yomwe ndimaidziwa. Ndinayembekeza kuti pulinta itulutse pepala msanga kuti tonse tipeze chokamba.

Siinatulutse. Kompyuta inazungulira kanthawi, kenako n'kunena kuti yalephera kuika dilaiva. Nditatsegula mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, pulintayo inali pamenepo yopanda dzina, ndi kachizindikiro kachikasu pambali pake.

"Yakananso?" Ababa anafunsa akadali pa zenera.

"Chilolezo yalandira. Tsopano ikusowa dilaiva."

"Dilaiva wa chiyani? Ikupita kuti?"

Ndinaseka pang'ono, ndipo iwonso milomo inagwedezeka ngakhale anayesa kubisa. Ndinawafotokozera kuti dilaiva ndi kapulogalamu kakang'ono komasulira. Kompyuta ili ndi chilankhulo chake, pulinta ili ndi chake, ndipo popanda womasulira woyenera ziwirizi zimangoyang'anana. Anabwerera pa mpando n'kutulutsa chimbale chomwe mnzawo uja anawapatsa pamodzi ndi pulinta, chili m'kathumba ka pepala kothimbirira. Laputopuyo inalibe polowetsera chimbale, ndipo ngakhale pakanakhala, dilaiva wa pa chimbale chimenecho anali wa makompyuta a kale kwambiri.

Ndinalumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni yanga, kuwerenga nambala yolembedwa kutsogolo kwa pulinta, n'kufufuza. Netiweki ya ku Kawale tsiku limenelo inkabwera n'kumachoka, moti ndinakaika foni pa zenera la kukhitchini. Patapita mphindi zambiri dilaiva anatsika, ndinamuika, ndipo kachizindikiro kachikasu kaja kanachoka. Ndinatumiza tsamba loyesera ndili ndi chikhulupiriro chonse. Pulinta inadzuka, kukoka pepala, n'kulemba mzere umodzi wa tizizindikiro tosamveka pamwamba. Inakoka lina, n'kuchita chimodzimodzi. Inakoka lachitatu. Ndinathamangira kuzimitsa isanamalize mapepala onse a mpingo.

Ndinayesa zonse zomwe ndimayesa. Ndinafufuta ntchito zomwe zinatsalira pa mzere wodikira, kuzimitsa laputopu ndi kuyatsanso, kusintha polowetsera chingwe. Zinali chimodzimodzi. Ndinkamva maso a Ababa ali pa ine. Sanali kundiweruza, ankangoonetsetsa mmene ankaonetsetsera ndili mwana ndikamalemba homuweki.

Kenako anaimirira, kuchotsa mapepala m'pulinta, n'kuipendeketsa mosamala kuti aone kunsi kwake. Panali kapepala komata ka zilembo zing'onozing'ono. Anavala magalasi, kuwerenga, n'kuyang'ana pa sikirini pomwe panali dzina la dilaiva ndinaika uja.

"Izi si zofanana," anatero. "Kunoku nambala ikuthera ndi chilembo. Kwanuko chilembocho palibe."

Ndinayang'ana. Zinalidi choncho. Nambala ya kutsogolo inali ya banja lonse la mapulinta a mtundu umenewo, koma ya kunsi ndiyo inali yakeyake, ndipo chilembo chimodzi chomalizacho chinkatanthauza makina ena, ofuna womasulira wina. Ine ndinawerenga mothamanga monga ndimachitira nthawi zonse. Iwo anawerenga monga munthu amene anakhala moyo wake wonse akudziwa kuti chilembo chimodzi cholakwika chimabwezetsa kalata yonse.

Ndinachotsa dilaiva wolakwika uja, kufufuza woyenera, n'kudikiranso netiweki. Poika, kabokosi ka chilolezo kanatulukanso. Ulendo uno sindinapotoze laputopu. Ndinaikankhira kwa iwo, n'kuwatchulira pasiwedi yanga chilembo ndi chilembo, iwo akulemba. Tsamba loyesera linatuluka loyera bwino. Ababa analinyamula, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anatsegula ndandanda ya owerenga mawu n'kuisindikiza okha.

Amayi atabweretsa mbatata ndi tiyi m'pamene tinakamba nkhani yeniyeni. Ndinapepesa, n'kuyesa kufotokoza kuti ndinachita zimenezo pofuna kuwateteza, kuti pa intaneti pali akuba ndi mapulogalamu oipa, kuti ngakhale abwana anga ku ntchito alibe mphamvu za adimini.

"Abwana akowo anauzidwa?" anafunsa.

"Anauzidwa."

"Ndiye kusiyana kwake n'kumeneko. Ukanandiuza kuti, Ababa, chitseko ichi ndatseka pa chifukwa chakutichakuti, mwina ndikanavomera. Mwinanso ndikanakana, tikanakambirana. Koma ine ndimayenda m'nyumba ndikuyesa yanga yonse, osadziwa kuti muli chipinda chokhoma. Ndakachidziwira pamaso pa alendo."

Anali atayambanso kunditchula kuti iwe, ndipo ndinamva mtima kutsika. Madzulo omwewo ndinasintha akaunti yawo kukhala ya adimini. Ndinafunsa ngati ndichotse yanga, iwo anati ndiisiye, tsiku lina adzaiwala pasiwedi yawo.

Ndikanakonda kunena kuti mantha anga anali opanda pake, koma sizinali choncho. Patangotha miyezi iwiri, Amayi anandiimbira mobisa kuti laputopu yayamba kulankhula yokha. Tsiku lina atalumikiza laputopu ku intaneti, Ababa anaona uthenga wonena kuti kompyuta yawo ili ndi madilaiva okalamba ndipo pali pulogalamu yaulere yowakonza onse. Popeza tsopano ankadziwa kuti dilaiva ndi chinthu chofunika, anavomera. Kabokosi ka chilolezo katatuluka, anavomeranso. Kuyambira pamenepo sikirini inadzaza ndi zotsatsa malonda, zina zake zosayenera kuoneka pa kompyuta ya mlembi wa akulu a mpingo. Anakhala nazo masabata awiri osandiuza, akutayipa laputopu itayang'ana kukhoma.

Ndinatha Loweruka lonse ndikuyeretsa. Iwo anakhala pambali panga. Nditamaliza anati, "Ngati ukufuna kubwezeretsa loko uja, bwezeretsa. Ndaona chimene unkaopa."

Ndinaganiza ndithu, chifukwa kwa ine zikanaphweka. Koma ndinakana. M'malo mwake tinagwirizana kuti kabokosi kaja kakatuluka iwo asanapemphe kanthu, aziyankha kuti ayi. Kakatuluka chifukwa cha chinthu chomwe ayambitsa okha, aziwerenga dzina la chomwe chikupempha chilolezocho, ndipo akakayika azindiimbira. Amandiimbiradi, mwina kamodzi pa mwezi, ndipo nthawi zambiri amakhala atadziwa kale yankho.

Masiku ano maso awo ayamba kufooka. Zilembo za pa sikirini tinazikulitsa kawiri, ndipo mwezi wathawu anasokoneza mankhwala a m'mawa ndi a madzulo. Mchimwene wanga amene ali ku Biwi akuti tiyambe kuwasungira mankhwalawo ife, komanso tiwaletse kukwera minibasi okha popita ku chipatala. Mwina akunena zoona. Ndamuuza kuti Lamulungu likubwerali tikadye nawo nkhomaliro tikaweruka ku tchalitchi, ndipo nkhaniyo tikaiyambe iwo ali pomwepo, tiwafunse kaye mmene akuionera.