Giya ya Faifi ndi Malo Anga a Pakati

Ndikukumbukira pikapu ya ababa mpaka fungo lake: petulo, mtedza wa makoko, ndi choko chimene chinkagwa m'matumba a jekete lawo. Inali ya buluu wofwifwa, yakale kuposa ine, ndipo ababa anaigula kwa mlimi wina wa fodya amene anali atatopa ndi kuikankha. Magiya ake anali anayi, ndodo yosinthira ili m'mbali mwa chiwongolero, osati pansi. N'chifukwa chake kutsogolo kunali mpando umodzi wautali wokwana anthu atatu, ndipo pakati pa mpandowo panali panga. Achimwene anga awiri ankadziwa zimenezo. Wina akangoyerekeza kukhalapo, ndinkamutsina mpaka adzuke, ndipo ababa sankandiletsa.

Malo amenewo sanandipatse chifukwa chondikonda chabe ayi, inali ntchito. Ababa anali mphunzitsi, kwawo ku Chiradzulu. Anawatumiza kudzaphunzitsa kwathu ku Kapondo, anakwatira amayi, n'kukhala pachikamwini. Ndiye panali agogo aNambewe, mayi awo a amayi, apongozi awo a ababa. Awiriwa ankaopana monga mwa mwambo wake: osayang'anana m'maso, osadyera pamodzi, osakhala moyandikana, ndipo akakumana panjira mmodzi ankapatukira m'munda mwa eni. Koma agogo anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kukapimidwa ndi kulandira mankhwala kuchipatala cha pa boma. Woyendetsa galimoto pabanja ponse anali mkamwini yemweyo. Choncho pakati pa awiriwo pankafunika mwana, ndipo mwanayo ndinali ine, wa zaka zisanu ndi zinayi. Lachisanu lomaliza la mwezi ndinkajomba kusukulu ndi chilolezo cha aphunzitsi eni ake, ababa.

Ndinali mpanda, komanso ndinali pakamwa pawo. Anthu akhala pampando umodzi, koma mawu onse ankadzera mwa ine. Ababa ankati, "Edina, uwauze agogo ako agwiritse, kutsogoloku kuli maenje." Agogo, maso ali pawindo, ankayankha kuti, "Uwauze abambo ako kuti maenjewo ndikuwamva kale, sindine thumba la chimanga." Ine n'kutembenukira kwa ababa: "Akuti zikomo." Bodza limenelo ndinalinena kambirimbiri, Mulungu andikhululukire. Chinkandithandiza ndi phokoso la injini. Tikachoka mumsewu wafumbi n'kukwera patala, ababa akaika giya ya folo, galimoto inkalira ngati chigayo, moti munthu sunkamva za mnzako pokhapokha akukuwire m'khutu. Nthawi imeneyo agogo ankayamba kudziyankhulira okha, milomo ikungogwedera, ndipo zimene ankanena palibe ankazimva.

Phokoso lomwelo ndi limene linabweretsa mavuto. Zinali zaka zija matipate atangobwera kumene, msewu wa ku boda utadzaza maminibasi ndi timagalimoto tina tosalala tochokera kunja. Tonse tinkangotipitirira, fyuu, anyamata ali m'mawindo kutibayibitsa. Tsiku lina tili pa boda, dalaivala wina wa lole anafunsa ababa pagulu kuti, "Aphunzitsi, galimoto yanuyi ikulira maliro a ndani?" Anthu osintha ndalama amene anali pamenepo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ababa anasekera nawo limodzi mongodzikakamiza. Ababa anga anali munthu wofatsa, koma kusekedwa pagulu sankakupirira ngakhale pang'ono.

Pafupi ndi boda panali makaniko wina, a Sakala, amene garaja yawo inali pansi pa mitengo ya mango. Iwo ndiwo anauza ababa kuti vuto si injini, koma kuti galimotoyo ikusowa giya yachisanu yoti injini izipumirako patala. Anati ku Chipata kuli giyabokosi ya magiya asanu yochotsedwa m'galimoto ina imene inagubuduzika, ndipo ikhoza kulowa. Tchuthi chitafika, pikapu inakagona kwa a Sakala milungu iwiri. Tsiku lokaitenga ababa ananditenga, ine nditavala diresi langa la kutchalitchi.

A Sakala anatilandira manja ali bii ndi girisi, n'kuyamba kufotokoza monyada. Giyabokosi yatsopanoyo inali yaitali kuposa yakale, ndiye anadula shafuti yopita kumatayala akumbuyo n'kuiwotchereranso. Chitsulo chogwira giyabokosi kunsi anachisunthira m'mbuyo. Ndodo ya pachiwongolero anaichotsa, chifukwa iyi inkafuna ndodo yapansi, ndiye anaboola pansi pa galimoto. "Koma yatulukira kumbuyo pang'ono, aphunzitsi," anatero, "ndiye mpando tauchepetsako." Kuuchepetsako! Nditasuzumira ndinapeza mpando wadulidwa pakati penipeni, kwatsala zidutswa ziwiri, uku ndi uku, pakati pali chindodo chakuda chokhala ndi mutu ngati dzira. Siponji ya malo anga inali pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuijompha. Ndinalira mokuwa, anthu mpaka kutuluka m'magolosale. Ababa anati, "Iwe, wakula tsopano, uzikhala kumbuyo ndi achimwene ako." Za agogo sanaziganize n'komwe, mutu wawo wonse unali pa giya ya faifi.

Lachisanu la kuchipatala linafika mu Juni, kuzizira kuli kolasa m'mafupa. Agogo anabwera ndi kabuku kawo ka kuchipatala atakakulunga m'pepala la pulasitiki. Anatsegula chitseko, anayang'ana mpando wawo, anayang'ana wa ababa, anayang'ana chindodo chija. Kenaka anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kuzungulira kumbuyo, n'kuyamba kukwera okha pamene timaika matumba. Ababa anavula chipewa. "Edina, uwauze agogo ako kuti kumbuyoko kukuzizira." Agogo anakonza chitenje chawo n'kunena kuti, "Uwauze abambo ako kuti ine ndinaleredwa." Apa sindinapeze bodza loti ndinene. Ndinakwera kumbuyo komweko n'kukhala nawo, fumbi likutilowa m'mphuno, mphepo ikutibaya m'makutu. Ababa anali okha kutsogolo ndi magiya awo asanu, ndipo poopa kugwetsa apongozi anayenda pang'onopang'ono, osafika ngakhale pa folo.

Agogo anabwerako ndi chifuwa chimene chinawagoneka mlungu wathunthu. Mwezi wotsatira anandituma kuti ndikauze ababa asavutike, iwo achira. Kuchira kwake kuti? Mankhwala anatha, mutu unayamba kuwawawa, ndipo tsiku lina anachita chizungulire kudimba n'kugwera pa bedi la mpiru. Amayi anawachonderera, anakana. Amayi anakalipira ababa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu: "Mwagula liwiro, nanga mayi anga muwanyamula bwanji?" Ababa anapalasa njinga mpaka ku boda kukapempha a Sakala kuti abwezeretse giyabokosi yakale. Anabwerako nkhope ili pansi. Yakaleyo inali itawoloka kale kupita ku Zambia, komanso shafuti yodula sungaitalikitsenso. Ndinawaona atakhala pakhonde, makope a ana ali pamiyendo osawachonga, ndipo ndinawamvera chisoni ngakhale ndinali ndisanawakhululukire.

Ine mkwiyo wanga ndinkauchitira m'galimoto momwemo. Ndikaweruka kusukulu ndinkalowamo ili chiimire, n'kudzipanikiza pampata uja kumbuyo kwa ndodo, pa chitsulo chozizira, kuti aliyense aone kuti malo anga sindinawasiye. Ababa anandipeza choncho tsiku lina. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anangoima n'kumandiyang'ana nthawi yaitali. Mawa lake anabwera ndi thabwa la desiki yothyoka, analicheka, analikulunga ndi chiguduli ndi juzi yawo yakale, n'kulikhomera pampatapo. Ndinakwanapo ndithu, miyendo yonse iwiri nditaipinda kumbali ya agogo. Koma atayesa kusintha magiya tinaona vuto lina: poika wani ndi thu, dzanja lawo linkadutsa pa maondo anga mpaka kukafika pamene pakanakhala bondo la apongozi awo. Ababa anabweza dzanjalo msanga ngati agwira mbaula. Kenaka anati, "Kilachi ndi yanga, ndodo ndi yako."

Tinaphunzira pabwalo la mpira la kusukulu masana aliwonse kwa mlungu umodzi. Ababa ankaponda kilachi n'kuitana nambala ngati ali m'kalasi, ine n'kukankha ndodo ndi manja awiri. Poyamba inkalira khwee, khwee, mano mpaka kuchita dzanzi, ababa n'kutsinzina ngati ndawaponda chala. Kangapo konse ndinaika fili m'malo mwa wani, galimoto n'kudumpha n'kuzima, ana a sukulu ali m'mbali kufa nako kuseka. Koma pofika Lachinayi dzanja linali litazolowera. Faifi yokha ndi imene sitinaiyese, chifukwa bwalo la mpira ndi lalifupi.

Lachisanu m'mawa amayi anawagwira dzanja agogo mpaka pagalimoto. Agogo anasuzumira, anaona ine nditakhala pathabwa langa ngati mfumukazi, manja ali pandodo. Analigogoda thabwalo ndi chala. Kenaka anati, "Uwauze abambo ako kuti manja awo akhale pachiwongolero." Uthenga umenewu ndinaufikitsa wonse, osachotsapo kanthu. Ababa anati, "Uwauze kuti ndamva." Agogo anakwera, ndipo amayi anatembenuka n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Mumsewu wafumbi tinayenda bwino, wani, thu, fili, kubwerera thu pamaenje. Titakwera patala ababa anati folo, injini n'kuyamba kulira kwake kuja, agogo n'kutembenukira pawindo kuyamba zodziyankhulira zawo. Msewu unali wowongoka, wopanda galimoto ina. Ndinamva ababa akupuma mozama. "Faifi." Ndinakankhira ndodo kumbali yawo n'kuikweza m'mwamba, ndipo inalowa bwinobwino ngati supuni m'phala. Phokoso lonse lija linangoti zii. Tinayamba kumva matayala akunong'ona patala, ndi kabotolo kakugubuduka pansi pa mpando. Ndipo tinamva agogo, amene sanazindikire msanga kuti chowabisa chachoka.

"Ana anga aamuna, wina ku Lilongwe, wina ku Joni, ngakhale kalata. Wobwera yemweyu ndiye akuvutika nane. Ameneyu ndiye adzandinyamule tsiku langa. Ambuye, mundisungire mwana wa eniyu."

Atatero anadzimva okha. Anagwira pakamwa, maso ali pawindo pomwepo, khosi lauma gwa. Ine ndinasokonezeka, chifukwa ntchito yanga inali kufikitsa mawu, ndipo awa anali mawu abwino oyamba oti sindikanafunika kuwakonza. Ndinayamba kuti, "Ababa, akuti..." Ababa sanandilole kumaliza. Maso awo anali pamsewu, manja onse pachiwongolero. Anaponda kilachi n'kunena motsitsa kuti, "Edina, bweza folo." Panalibe chitunda, panalibe khona, panalibe chifukwa chilichonse. Ndinabweza, injini inayambanso kukuwa, ndipo patapita kanthawi ndinaona dzanja la agogo likutsika pakamwa. Giya imene ababa anadulira mpando, imene anasekedwera ndi kukalipiridwa, tsiku limenelo inagwira ntchito mwina mphindi imodzi. Kuyambira pamenepo, agogo akakhala m'galimoto, faifi sitinkaiika.

Agogo anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri akulandira mankhwala awo mwezi ndi mwezi, ndipo mpaka kumwalira sanayankhulepo ndi ababa maso ndi maso. Anamwalirira kuchipatala cha pa boma komweko, ndipo anawanyamula ndi ababa, monga ananenera. Bokosi linali kumbuyo, amayi ndi azimayi ena atalizungulira. Malume a ku Lilongwe anakhala pampando wa agogo, ine pathabwa langa, ngakhale ndinali nditakula moti maondo ankagunda kutsogolo. Titafika patala, malume anadandaula za phokoso, ndipo dzanja langa linapita pandodo. Ababa anapukusa mutu: "Isiye pa folo." Nditawayang'ana ndinaona milomo yawo ikugwedera. Ankayankhula ndi apongozi awo, okha, popanda kundituma.

Lero zinthu zinasintha, ndipo sindikudandaula. Amuna anga ndi amayi amaimbirana foni n'kumaseka mpaka ine kuchita nsanje, ndipo akakwera galimoto amakhala moyandikana n'kumadyera limodzi chimanga chootcha. Mwana wanga wamkazi akamva nkhaniyi amati, "Ndiye bwanji sankangoyankhulana?" Galimoto yanga ilibe kilachi, magiya imasintha yokha, ndipo mkati mwake muli zii moti ngakhale kupuma kwa munthu kumamveka. Ababa tsopano ndi okalamba, ndipo ndine ndimawatenga kupita nawo kuchipatala cha pa boma. Tikafika pamalo owongoka paja amatembenukira pawindo, milomo n'kuyamba kugwedera. Ine ndimangotsitsa magalasi onse kuti mphepo ichite phokoso, manja anga ali pachiwongolero.