Dzuwa la ku Leicester linandinamiza

Ine wotchi ndinali ndisanavalepo pamkono. Zaka zonse zimene ndinali kapitawo pa esiteti ya fodya ku Kasungu, chitsulo choyambira ntchito ndi chowerukira ndinkaimba ndine, ndipo ndinkangoyang'ana dzuwa basi. Bwana mwini wake ankatulutsa wotchi m'thumba, kuyang'ana, n'kugwedeza mutu. Sindinaphonyepo. Sukulu ndinalekeza sitandade thuu, koma za kumwamba munthu sangandiuze. Mawu anganso si amasewera. Ndikakuwa kumtunda, a ku dambo ankaimika makasu.

Ndayamba ndi izi kuti mumve bwino zimene zinandigwera ku Mangalande.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino kumeneko. Mayi ake atamwalira, anati bambo bwerani mudzapumeko miyezi isanu ndi umodzi. Ndinafika ku Leicester m'Malichi, kudera lawo lotchedwa Beaumont Leys. Abale inu! Kunja kunali mbuu, ngati wina wakhuthulira ufa pamadenga ndi pamsewu pomwe. Ati chipale. Patangopita masiku atatu chonse chinasungunuka, kunabwera mvula. Kumeneko kumwamba kulibe mwambo. M'mawa dzuwa, ukamamanga nsapato mvula, ukatenga ambulera mphepo, ukabwerera m'nyumba dzuwa lija latulukanso ngati silinachite kanthu. Kwathu mvula imatumiza mthenga, mitambo imasonkhana, nyerere zimasamuka. Ya kumeneko imangolowa ngati wakuba.

Chimodzi chokha chinandikhazika mtima pansi. Dzuwa linkalowa sikisi koloko, ngati kwathu. Ndinkaima pawindo n'kunena kuti tsopano ndi folo, apongozi anga, mwamuna wa mwana wangayo, n'kuyang'ana pafoni.

"Mwalasa, bambo! Folo yeniyeni."

"Nanga mumayesa chiyani? Dzuwa ndi limodzi dziko lonse."

Ndiye Lamulungu lina m'mawa ndinapeza apongozi akwera pampando kukhitchini, akupotokola wotchi ya pakhoma.

"Apongozi, yafa?"

"Ayi bambo, ndikuipititsa patsogolo ola limodzi. Dziko lonse lasuntha nthawi usiku wathawu."

"Wasuntha ndani?"

"Boma."

"Boma lasuntha dzuwa?"

"Dzuwa ayi, wotchi yokha."

"Ndiye kuti kuyambira lero chinthu chimenechi chizinama. Inu mukudziwa, boma likudziwa, ndipo nonse mwavomera!"

Anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwa pampando. Ine sindinaseke. Tsiku lomwelo ndinaleka kuyang'ana pakhoma paja. Wotchi ya pamkono imene anandigulira ndinaiponya pansi pa sutikesi, pamodzi ndi masokosi.

Miyezi inapita, masiku n'kumatalika. Maso ndili nawo, ndinkaona. Pofika Juni tinkadya chakudya chamadzulo dzuwa lili pamwamba pa denga, n'kupita kukagona kunja kukuwala moti ungathe kutola singano pansi. Usiku wake sunkada n'komwe, kumpoto kunkangokhala mbee ngati kuli mudzi ukupsa patali. Munthu usanatembenuke kawiri pabedi, mbalame zayamba phokoso. Koma mumtima ndinkati ndi anthuwa amene akufulumira kudya ndi kugona chifukwa cha wotchi yawo yonama ija. Dzuwa sindinalikayikire. Ungakayikire mnzako amene wayenda naye moyo wonse?

Kuseri kwa nyumba kunali kabwalo ka udzu. Ndinapempha khasu, anandipatsa fosholo, ndinalima kabedi ka mpiru ndi maungu. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi nyama za kumeneko, ndipo zonse ndi zamwano. Njiwa zake ndi zonenepa ngati nkhuku, ndipo palibe mwana wozigenda. Agologolo amakwera mpanda n'kukuyang'ana m'maso uku akutafuna. Ndinati nditchere msampha, mwana wanga anagwira mutu, ati bambo musayerekeze, atimanga. Koma choposa zonse chinali nkhandwe. M'mawa uliwonse ndinkapeza bedi langa lafukulidwa. Apongozi anati ndi nkhandwe, ndipo mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe amaiikira chakudya m'mbale. Nkhandwe! M'mbale! Kwathu ikangolira kuseri kwa nyumba anthu sagona, amati malodza. Uko ili ndi mbale yake ngati mwana wa pakhomo.

Tsopano mverani za ntchito ya mwana wanga, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Ankagwira ku Wigston, panyumba yosamalira okalamba, ndipo ndi ntchito imeneyo imene inkawasunga m'dzikomo. Anali atachedwako kale kawiri. Koyamba chinali chipale chija, mabasi anaima. Kachiwiri anagona osamva belu la pafoni chifukwa chotopa. Bwana wake wamkazi anali atamuuza kuti kachitatu akakambirana zina. Ndiye kumapeto kwa Juni anamuika mashifiti a usiku, kuyamba eyiti koloko. Kuti akafike bwino ankayenera kudzuka sikisi, chifukwa mabasi ndi awiri.

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Chaka chimenecho mvula inangodula mwadzidzidzi, udzu wa m'mabwalo unauma ngati wa kwathu mu Okutobala, azungu akuyenda osavala malaya. Mwana wanga anabwera pamene ndinakhala, maso ali psuu.

"Bambo, apongozi anu abwera mochedwa lero. Foni ndimaigonera, koma mawu anu sindingawagonere. Mundidzutse sikisi koloko. Sikisi, bambo. Wotchi ili apo."

"Iwe, ukundiuza ine za nthawi? Esiteti yonse ndinkaidzutsa ndine. Pita ukagone."

Anatseka makatani ake akuda aja, anagona. Ine m'nyumba munanditenthera, ndinatenga mpando n'kukakhala kuseri, pafupi ndi mpiru wanga. Ndinathirira. Ndinazula udzu. Nthawi ndi nthawi ndinkatambasula mkono, kuyeza dzuwa ndi zala monga ndimachitira, n'kuti ikadalipo, mulekeni mwana apume.

Kenako nkhandwe ija inatulukira. Inadutsa pansi pa mpanda, yofiira, mchira wake ngati tsache, ana awiri pambuyo. Dzuwa likuwala chonchi!  Nyama ya usiku kuyenda masana, pamaso pa munthu wamkulu, ndi ana omwe? Ndinakuwa ndi mawu anga onse aja, "Choka!" Inangoima, kundiyang'ana, kenako n'kukhala pansi n'kuyamba kudzikanda khutu. Ine amene ndinkaimitsa makasu ku dambo! Ana ake ankagubuduzana pamaungu anga. Ndinakhala chilili, fosholo m'manja, ndikuwerenga abale onse a kumudzi mmodzimmodzi kuti kodi malodza amenewa ndi a yani. Kaya ndinaima nthawi yaitali bwanji, sindikudziwa. Itatopa nane inalowa kwa mayi wachizungu uja, kumbale yake.

Ndinamva chitseko chakumaso chikutseguka. Apongozi anatulukira kuseri, chikwama chikadali paphewa, nkhope yasintha.

"Bambo, nsapato za ntchito za mwana wanu zikutani pakhomo? Sanapite?"

"Apite kuti? Faifi yangokwana kumene. Koma apongozi, zimene ndaona pano..."

"Bambo, ndi hafu pasiti eyiti!"

Anandionetsa foni. Ndinati yanama. Anandikokera kukhitchini, pakhoma paja chimodzimodzi. Ndinatuluka, kuyang'ananso dzuwa, lili pomwe paja pa faifi koloko ya kwathu, likuwala bwinobwino osachita manyazi. 

Mwana wanga anatsika masitepe akuvala yunifolomu chothamanga, foni ili ndi mamisidikolo a kuntchito osawerengeka. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangondiyang'ana kamodzi n'kuti, "Bambo, ndinakupemphani chinthu chimodzi." Apongozi anamuthamangitsira pagalimoto. Anakafika naini itadutsa kale, namwino wa masana akudikira ndi mkwiyo, mankhwala a okalamba atachedwa.

Apongozi atabwerako ndinawafotokozera za nkhandwe ija, kuti mwina ndiyo yabweretsa tsoka, poti yayenda masana.

"Masana ati, bambo? Imeneyo imatuluka eyiti koloko tsiku lililonse, mayi aja akaika chakudya. Inu nthawi imeneyo mumakhala muli m'nyumba. Siinachedwepo."

Ha! Ndiye kuti panalibe malodza. Nyama ya kuthengo inasunga nthawi, kapitawo n'kuphonya. Inabwera kudzandiuza kuti kunja kwada, ine n'kumaithamangitsa ndi fosholo.

M'mawa mwake mwana wanga anabwera ndi mawu akuti bwana wamuitana Lachisanu ku ofesi. Masiku awiri amenewo chakudya sichinkatsika. Ndinkamumva akulankhula ndi mwamuna wake motsitsa mawu, za mapepala, za kuti akamuchotsa ayambira pati. Lachisanu m'mawa anandipeza pakhomo nditavala suti yanga ya ku tchalitchi.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kumene ukupita iweko."

"Ayi, chonde. Kwa eni kulibe mkuwe. Kuno sachita choncho."

"Mlandu ndi wanga. Mbuzi ikadya munda wa eni, amapita kubwalo ndi mwini mbuzi."

"Ndiye mbuziyo ndi ndani?"

"Dzuwa. Tiye, basi itisiya."

Sanafune, koma ndinali nditatsogola kale. Tinakwera mabasi awiri aja.

Pakhomo la kuntchito kwake tinakumana ndi mayi wina wa ku Zambia, wosamalira okalamba. Atamva Chichewa changa anaseka, "Atate, manje mwabwela kuchita chani kuno? Mufuna bedi?" Ndinamuuza kuti bedi akagonepo agogo ake, ine ndikufuna womasulira. Mwana wanga sindinamufune pantchito imeneyo, ndinkadziwa kuti azichotsa mafupa m'mawu anga.

Bwana uja anali mayi wamfupi wa magalasi. Anadabwa kuona nkhalamba ya suti ikulowa mu ofesi mwake, koma anandipatsa mpando. Ndinakana. Mlandu saunena chokhala.

"Muwauze," ndinatero kwa mayi wa ku Zambia uja, "kuti mwana uyu sanalakwe. Anasiya nthawi yake m'manja mwa bambo ake, bambo akewo ndine, ndipo ndinaigwetsa. Muwauze kuti ine moyo wanga wonse sindinachedwetsepo munthu kuntchito. Ndadzayambira kuno, pa mwana wanga yemwe. Wotchi inalipo, ndinainyoza, n'kukhulupirira dzuwa. Ngati pali chilango andipatse ine. Ndikhoza kuwalimira bwalo lonseli, udzu wawo wauma kale."

Ndimayesa ndikulankhula motsitsa. Koma nditacheuka, chitseko chinali chotsegula ndipo okalamba onse a m'chipinda chochezera anali atasiya wailesi yakanema, akuyang'ana ine. Mwana wanga anali atabisa nkhope m'manja. Mayi wa ku Zambia ankamasulira, mapewa akugwedezeka.

Bwana uja sanaseke. Anafunsa kuti dzuwa ndimaliwerenga bwanji. Ndinapita pawindo, kutambasula mkono, kumuonetsa zala pansi pa dzuwa. Anayesa nayenso, magalasi ali pamphumi. Kenako ananena mawu amene womasulira anandipatsa motere: "Akuti ngakhale iwo anabadwira kuno, mu Juni dzuwa limawanamiza. Akuti manje mutuluke, akambe na mwana wanu."

Ndinakhala panja pabenchi. M'mawa monse kunali kotentha, koma pomwepo kunabwera kamphepo kozizira kochokera kaya kuti. Ndinangoti chitani zimene mukufuna, ine za kumwamba kwa kuno ndazisiya.

Mwana wanga anatuluka ndi kalata m'manja. Chenjezo lomaliza, lolembedwa, koma ntchito ilipo. Apongozi amati sanamuchotse chifukwa anamwino ndi osowa, ati kulankhula kwanga sikunasinthe kanthu. Anene zawo. Ine ndinaona mmene mayi uja anandigwirira chanza, ndi manja awiri.

Tinakwera basi yobwerera mpaka m'tauni. Kenako mwana wanga anati, osandiyang'ana, "Lolemba ndili naiti. Mundidzutse sikisi."

Ndinangovomera ndi mutu. Ine, mawu kundithera!

Lolemba lake ndinafukula wotchi ija pansi pa masokosi, apongozi anandimanga pamkono. Fili koloko ndinali nditakhala kale kukhitchini, mpando nditauyang'anitsa kukhoma, diso lina pamkono, lina pakhoma, kuti ina ikanama inzake iiulule. Kunja dzuwa linkandikopa pawindo, sindinalicheukire. Mpiru sindinathirire. Muvi utangogunda pa sikisi ndinaima pansi pa masitepe n'kutulutsa mawu onse a ku esiteti. Mwana wanga anadzuka. Galu wa nyumba yachitatu anauwa. Mayi wachizungu uja anatulukira pampanda ndi mbale ya nkhandwe m'manja, akufunsa ngati kwagwa moto.