Nkhomo Imodzi ya a Benedicto

A Benedicto a kwa Mavwere ndasewera nawo bawo kuyambira chaka cha referendamu, koma sindinawaonepo akunjenjemera kufikira Lamulungu lina la mu 2002.

Ntchito yawo inali yoyendetsa lole pakati pa Lilongwe ndi Chipata. TB itawagwira anakhala pakhomo miyezi isanu ndi itatu, ndipo chowachotsa maganizo chinali bawo. Atachira n'kubwerera ku ntchito, tsiku lopuma linatsala limodzi basi, Lamulungu. Akazi awo, a Imelda, anawauza mosapita m'mbali kuti tsikulo ndi la banja, osati la pansi pa mtengo wa mango pomwe timasonkhana. Mwana wawo Kwacha, wa zaka ziwiri, anali atayamba kale kuwathawa bambo ake ngati mlendo.

Ndiye anzangawa anapeza nzeru, nzeru zake zopusa, ndipo ine ndinavomereza nawo, ndisaname. Anati tizisewerera pakhonde pawo, dzanja lili pa bawo, maso ali pa mwana. Kaya ndani anasewerapo bawo maso ali kwina!

Tsikulo a Imelda anatsalira kutchalitchi ku kwaya. Kwacha anakhala pamkeka pambali pathu, akuseweretsa chitsononkho. Masewera anatentha, moti sindikumbuka kuti tinamuyang'ana kangati. Titamaliza tinachita monga mwa mwambo wa eni bawo: nkhomo, timbewu tosewerera tija, siziikidwa m'thumba zisanawerengedwe. Ziyenera kukwana 64. Ife tinapeza 63.

Tinawerenganso, zomwezo. Tinasanthula m'maenje a bawo, m'matumba mwa malaya, pansi pa mpando. Kenaka a Benedicto anatembenukira kwa mwana. Kwacha anali phee, pakamwa yasa, akupuma movutikira, misozi ikutsika koma osalira.

“Timoteyo, njinga,” anatero a Benedicto, mawu awo osamveka bwino.

Ine ndinkapalasa, iwo ali pakaliyala, mwana atamufungatira pachifuwa. Njira yonse ankangondifunsa ngati ndikumumva akupuma, ngati kuti ine ndiye ndamunyamula. Ndinkaopa kuti mwana atifera m'njira, ndipo ndinkadziwa kuti wolakwa si iwo okha.

Pamphambano tinakumana ndi a Imelda akuchokera ku kwaya. Anamva nkhaniyo osatukwana, osafunsa kanthu. Anangomutenga mwana n'kukwera njinga yanga, amuna awo n'kumathamanga pambuyo pathu. Bola akanatilalatira.

Kuchipatala namwino anaunika kukhosi, osapeza kanthu. Ataunika m'mphuno anatiuza kuti nkhomoyo yalowa mkati ndithu, ndipo mwana akangolira mwamphamvu n'kuikokera, itsikira kukhosi n'kumutseka mpweya. Anawauza a Benedicto kuti amugwire mutu, asagwedezeke ngakhale pang'ono. Kwacha, yemwe ankawathawa uja, anawagwira chala bambo ake osachitaya. Ine ndinayang'ana kukhoma, ndinalephera kupenya, mpaka ndinamva nkhomo ikugwera m'kambale kachitsulo.

A Imelda anaitola, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuiika m'dzanja la amuna awo.

“Nayi, bambo a Kwacha. Kakwaniritseni 64 yanu ija.”

A Benedicto sanaibweze m'thumba mpaka lero. Pamalo pake timaikapo kamwala, ndipo alendo amatiseka kuti bawo yathu ndi ya amphawi. Nkhomoyo ili mu lole, pafupi ndi chiwongolero. Bawo amasewerabe, koma Loweruka masana akafika msanga, pansi pa mango. Lamulungu ndikawaitana amangondikweza dzanja ali patali, mwana ali paphewa.

Kwacha ali Sitandade 3 tsopano, ndipo za tsikulo sakumbuka. Koma akangoyetsemula, bambo ake amadzambatuka pampando.