Mpira Unkamulumpha Belita

Mayi Gertrude Lingson anali munthu woti ukawapatsa moni kawiri, ankayamba kudzifunsa kuti kodi ameneyu akufuna chiyani. Anachoka kwawo ku Ntcheu zipani zambiri zitangoyamba, kudzaphunzitsa pa sekondale yoyendera ku Mkhumba, ndipo anawasiyira zamasewera poti aphunzitsi anzawo ankaopa fumbi. Mayi Lingson ankati mgwirizano wa ana suyezedwa ndi zonena zawo ayi. Yang'ana mpira basi. Ukamafika m'manja mwa aliyense, gululo ndi limodzi, koma ukamalumpha wina, ziliko.

Ndiye chaka china, mayeso a Fomu 2 atayandikira, mpira wamanja unayamba kumulumpha Belita, mtsikana amene ankagoletsa kuposa onse. Anzake ankamuona ali yekhayekha pansi pa golo, koma n'kuponyera wina. Akati amupatse, ankachita kumuyandikira ngati akupereka dzira. Madamu akangofika pafupi, ana aja ankatembenukira ku Chilomwe, chomwe iwo sankamva olo moni.

Mutu wa Mayi Lingson unagwira ntchito. Nsanje kodi? Alandana mnyamata? Kapena ndi za ndale, poti mayi ake a Belita ankavala nsalu ya chipani china? Atamufunsa Ethel, kaputeni wa timuyo, iye anangoti palibe vuto, maso ali pansi. Bodza lake losaphika n'komwe! Madamu anapsa mtima, n'kupita kwa ahedi kukanena kuti atsikana akumusala mnzawo. Ahediwo analamula kuti Lachisanu Belita abwere ndi makolo ake, ndipo amayi a komiti ya sukulu adzakhalepo kuti amufunse bwino.

Lachinayi masana Madamu anati awaphunzitse ana amwanowa kaponyedwe kake. Anatola mpira n'kuuponya ndi mphamvu zonse kwa Belita. Iye sanatambasule manja kuti awakhe, anangophimba pamimba. Ethel ndiye anadziponya kutsogolo kwake, mpira n'kumufikira pamphuno.

Apo mpamene Madamu anaiona juzi imene Belita ankavala dzuwa likuswa mtengo. Mwanayo anali ndi pakati. Masiku amenewo mtsikana akapezeka chonchi ankabwezedwa kunyumba pompo, mayeso osalemba. Timu yonse, mpaka a pabenchi omwe, inali ikumutchinga kuti mpira usamugunde ndiponso akuluakulu asadziwe. Mayi Lingson anachita manyazi, chisoni chinawagwiranso, pakuti gulu logwirizana chotere anali asanalionepo.

Ethel anawayandikira akupukuta magazi ndi kolala ya bulauzi.

"Madamu, tikungofuna alembe mayeso basi. Chonde musakanene."

Iwo anaganiza za amayi a komiti aja, amene mimba amaizindikira munthu akadali patali. Uthenga unali utapita kale kwa makolo, ndipo kuubweza kunali kosatheka. Anamuyang'ana Belita, yemwe anali chiimire, manja akadali pamimba.

"Ndanena kale, mwanawe," anatero.