Chitseko Chofunika Kunyamula

Pa shopu ina yosindikiza makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro pankagwira ntchito mayi wina amene aliyense ankangomutcha Namakhadi. Ntchito ankaidziwa, koma mantha! Foni ikalira ndi nambala yachilendo, ankangoiyang'ana mpaka idule yokha. Kasitomala akakweza mawu kuti dzina la mkwati lalakwika, iye ankapepesa ngakhale wolakwitsa ali kasitomala yemweyo. Abwana ake ankati munthu ameneyu akhoza kupepesa mpando ataugunda.

Munthu wotereyu ndi amene anapanga gemu ya pa foni, yekhayekha, pa kompyuta ya kuntchito nthawi yopuma masana. Inali yaifupi, yoti munthu n'kuimaliza akudikira basi. Umalowa m'nyumba yopanda anthu n'kumafufuza makiyi, ina m'thumba la jekete, ina pansi pa wailesi, ina m'nsapato yakale. Chipinda chilichonse chimakulozera china, mpaka ufike pachitseko chomaliza kumapeto kwa kolido.

Nyumbayo sanaipeke. Ndi nyumba imene anakuliramo, ndipo iye ndi mayi ake anaigulitsa bambo atamwalira, achimwene ake ali kutali ndi lole imene ankayendetsa. Achimwenewo ndi amene anadwazika bambo m'chipinda chomalizacho, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, pamene Namakhadi ankangofika pakhomo n'kubwerera, kuopa kuona bambo ake atatha thupi. Achimwenewo atabwerako ku ulendo n'kupeza anthu ena akuyanika zovala pabwalo, sanakalipe. Anangoti, "Za nyumba ino usadzazitchulenso, ndipo ine usadzandifune." Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulane.

Choncho gemuyo anaiika pa intaneti popanda dzina lake. Ankafuna anthu aisewere, komanso ankapemphera kuti asaione. Walira mvula walira matope: anthu anaiona, ndipo ndemanga zinayamba kugwa.

"Zithunzi n'zokongola koma gemu ndi yowonongeka."

"Kiyi ndili nayo, chitseko chomaliza sichikutseguka. Mwatitayitsa nthawi."

"Wopangayu anagona asanamalize."

Aliyense ankapereka nyenyezi imodzi pa zisanu. Namakhadi ankawerenga ataphimba foni ndi dzanja, ngati akusuzumira bala. Chomudabwitsa n'chakuti iye akasewera, chitseko chinkatseguka bwinobwino. Pomaliza analimba mtima n'kupatsa abwana ake foni kuti ayese. Abwanawo anafika pachitsekocho n'kuyamba kudinadina mpaka chala kuwawa.

"Nyamulani kaye, abwana."

"Ndinyamule chiyani?"

"Chitsekocho. Kokerani chala m'mwamba, kenako mukankhe."

"Iwe, ndi ndani padziko pano amanyamula chitseko asanalowe?"

Kwawo kwa Namakhadi aliyense ankatero. Chitseko cha chipinda cha bambo chinatsika mbali imodzi iye asanabadwe, chinkagwira pansi, ndipo m'malo mochikonza banja lonse linangozolowera kuchinyamula ndi chogwirira n'kukankha ndi bondo. Iye anachiika m'gemu momwe chinalili, osaganiza n'komwe kuti anthu ena anakulira m'nyumba za zitseko zomvera.

Asanakonze kanthu, panabwera ndemanga ina, yochokera kwa munthu wodzitcha Wamalole.

"Gemu siinawonongeke. Kokerani chitseko m'mwamba kaye, chimagwira pansi. Chinali chotero kuyambira kale. Wopangayu ndikumudziwa."

Namakhadi anakhala pa katoni ya mapepala, foni ili m'manja, makina akusindikiza okha makhadi amene sankawaonanso. A m'banja lawo odziwa chitseko chimenecho anatsala atatu okha, ndipo mayi ake foni yawo inali ya mabatani.

Kwa osewera nkhani inasintha pompo. Anathokoza Wamalole, anabwerera, anatsegula, nyenyezi zinayamba kukwera. Wina analemba kuti chitseko chonyamulacho n'chanzeru kwambiri. Wina anati atalowa n'kupeza chipinda chopanda kanthu, makoma okhaokha, anakumbuka kwawo n'kulira. Ena ankatsutsana za tanthauzo la chipindacho, aliyense ndi zake. Abwana ankawerenga mokweza n'kumaseka, "Watchuka, Namakhadi, posachedwa uzitipatsa moni ndi chala chimodzi!"

Koma iye sankamva kukoma kulikonse. Mlandu suwola. Anauzidwa kuti asadzatchulenso nyumbayo, ndipo iye anaitsegulira dziko lonse, ndi jekete ya bambo yomwe, ndi nsapato za achimwene zomwe. Lole iliyonse ikagwira mabuleki panja, mtima unkalumpha. Chakudya chinkabwerera kunyumba chosakhudzidwa. Kangapo anafika pa batani lochotsera gemuyo, chala chili m'malere, koma ankaopanso kuti akaichotsa zioneka ngati akuthawa. Chimene ankaopa kwambiri sichinali kukalipiridwa. Ankaopa kuti achimwene ake abwera, amuyang'ana kamodzi, n'kutseka mpaka kalekale kampata kakang'ono kamene iye ankadzinamiza kuti kanatsala.

Achimwenewo anabwera masana ena, Namakhadi akudula makhadi pa kauntala. Anali atanenepa pang'ono, imvi zitayamba m'ndevu. Anapereka moni kwa abwana, koma kwa mlongo wake ayi. Anangoika foni yake pa kauntala, gemu ili yotsegula, chipinda chomaliza chikuoneka mbee.

"Achimwene, ndichotsa lero lomwe," anatero Namakhadi. "Pepani. Sindinaganize bwino."

"Ndakufunsa zochotsa?"

"Ayi."

"Ndalowa m'chipindamu. Mulibe bedi, mulibe zenera, mulibe chilichonse. Anthu ako akuti n'zanzeru. Bambo wawasiya kuti?"

Namakhadi anayang'ana pansi. Akanatha kunama kuti anachita dala, monga osewera ankaganizira, koma bodza linakana kutuluka.

"Sindikudziwa momwe munkaonekera, achimwene. Bambo akudwala sindinalowemo. Ndinkafika pachitseko basi."

Abwana anapeza chochita kuseri kwa makina. Achimwene ake anakoka mpando wa makasitomala, anakhala, natenga khadi limodzi losasindikizidwa ndi pensulo ya pa kauntala n'kuzikankhira kwa mlongo wake.

"Bedi linali kumanzere, mutu kuzenera, chifukwa ankafuna kuona amene akulowa pageti. Wailesi ija waika pabalaza tinaisamutsira pampando, pafupi ndi dzanja lawo. Jambula, ndikuuza."

Mzere woyamba umene Namakhadi anajambula unapindika. Anafuna kufufuta, koma achimwene ake anagwira khadilo ndi chala.

"Usiye choncho. Ndipo chitseko uchijambule chotseguka pang'ono. Bambo ankandiuza kuti ndisamachitseke, poti ankamva mapazi ako ukafika pakhomo."